Munthu Yekhayo Amene Ankapatukira Ambulansi

Pa madalaivala onse a msewu wa ku Liwonde, mmodzi yekha ndiye ankapatukira ambulansi, ndipo anaikidwa m'manda chaka chatha. Anali a Yoswa Namaona a ku Domasi, kalaliki wa pasukulu wopuma ntchito. Atagula kagalimoto ndi ndalama za penshoni anawerenga buku lonse la malamulo a pamsewu, chinthu chimene ngakhale owapatsa laisensi sanachitepo.

Lamulo limati ukamva sailini upatukire kumanzere n'kuima. A Yoswa ankalimvera osayang'ana kumene akupatukirako. Mayi Fyness, akazi awo, pokhala mpando wa kumanzereko, ndiwo ankayamba kulowa m'ngalande. Ankazidziwa zonse mpaka ku Zomba, iliyonse ndi fungo lake.

"Bambo, tanyamula mazira!"

"Mazira mulibe m'malamulo, mayi."

Tsiku lina anakathera m'dimba la mpunga la eni ake. Wapolisi wa pamsewu anafika n'kuzungulira galimotoyo.

"Mwatani, madala?"

"Ndapereka mpata kwa ambulansi, bwana."

Wapolisiyo anakanda mutu, poti mlandu wotero anali asanauonepo. Kenako anawalipiritsa chifukwa choimika galimoto pamalo osayenera.

Mbiriyi inamupeza Nickson, wakabaza wa njinga yamoto pa Songani. Anagula kasailini n'kumangirira panjinga. Makasitomala akasowa, ankadikira kagalimoto kaja, n'kukatsatira m'mbuyo, n'kuliza. A Yoswa uyo, pa mulu wa tomato. A Yoswa uyo, pa benchi la mandasi. Msika wonse unkagwira nthiti.

"Ndi Nickson uja, bambo," ankatero mayi Fyness. "Mwamuona pagalasi."

"Ndikayamba kusankha sailini yoti ndiimvere, mayi, ndiye kuti ndasanduka dalaivala wa minibasi."

Mayi Fyness sankaseka. Amuna awo anali ndi bipi. Mayiwo anapita kwa Nickson.

"Mwanawe, adokotala anati bambo ako aja asamadzidzimuke. Udzandiphera munthu."

"Amayi, ine ndimangoyesa hutala. Msewu ngwa boma."

Anapita kwa apolisi. Apolisiwo anawauza kuti abwere nayo sailiniyo ngati umboni.

Akabaza ena anagula zawo. Ndipo anthu a pa Songani, poti si opusa, anatulukira nzeru. Anaona kuti sailini ikalira, malo okhawo amene a Yoswa sangafikepo ndi pakati pa phula. Choncho ikangolira, aliyense ankanyamula dengu lake, mbuzi yake, mwana wake, n'kuthamangira pakati pa msewu. Apo ankaima n'kumaonerera bwinobwino.

A Yoswa anagwa tsiku la msika, akutsuka galimoto. Pakamwa panapotoka, mwendo unakana. Mayi Fyness anaimba foni, ndipo kunachitika chodabwitsa: ambulansi inabwera, ili ndi mafuta. Anakwera kumbuyo, mutu wa amuna awo uli pamiyendo. Namwino anati akafika msanga ku Zomba, mwayi ulipo.

Pa Songani dalaivala analiza sailini.

Msika wonse unakhuthukira mumsewu. Madengu, njinga za makala, amayi a nsomba, onse pakati pa phula, akuseka kale, makosi ali m'mwamba kufunafuna kagalimoto.

"Lero alowa pati madala?" anakuwa kondakitala wina.

Ambulansiyo anthu ankaiona ndithu, yoyera, nyali ikuthwanima. Koma anaganiza kuti poti lero yabwera yeniyeni, a Yoswa agwetsa golosale yathunthu. Palibe amene anafuna kubwerera m'mbali.

Mayi Fyness anamenya galasi ndi chikhatho. "Ndi a Yoswa! Ali muno!"

Amene anamva dzinalo anaseka kwambiri n'kukokera anzawo pakati.

A Yoswa anatsegula diso limodzi. Sailini inkalira pamutu pawo penipeni, ndipo galimoto inali itaima.

"Tapatuka, mayi?"

"Tapatuka, bambo."

"Adutse," anatero, n'kutseka diso lija.

Msewu unatseguka pamene dalaivala anatsika n'kuyamba kukankha madengu ndi mwendo. Ku Zomba anafikako, koma anangolembetsa dzina.

Pamaliro Nickson ananyamula nawo bokosi, ndipo analira mokweza kuposa achibale. Sailini anaichotsa, akuti inkatha batire. Bwana wina wa zapamsewu analankhula kuti malemuwa anali chitsanzo kwa madalaivala onse. Sananene kuti chitsanzo cha chiyani.

Masiku ano pa Songani tomato amagulitsidwa mwamtendere. Ambulansi ikafika imaima kumbuyo kwa minibasi, kudikira kuti idzaze. Akabaza makasitomala akasowa amangogona panjinga zawo.

Mayi Fyness amabwerabe kumsika, wapansi. Sailini ikalira amatsikira m'mbali mwa msewu, n'kuima nji, dengu lili m'manja, mpaka idutse. Anthu sawaseka. Amangowapempha kuti asunthe pang'ono, akutchinga malonda.