Salada Yanga ndi Chikwangwani Chake

Lolemba

Kwabwera fisikali, woyendera za umoyo wa boma, wochokera ku Moatize, fumbi la malasha lili mbuu m'kolala. Akuti kuyambira tsopano aliyense wogulitsa chakudya aziuza anthu zimene amathira pa masamba a salada. Anzanga a m'mabaraka ena ogulitsiramo chakudya angovomera m'Chipwitikizi kuti "Sim, chefe," iye atangotembenuka n'kuyamba kuseka. Ine ayi. Ndilibe chobisa. Baraka yanga ikhala yoyamba kukhoma chikwangwani pa Zobue pano!

Zofunika: thabwa, penti, munthu wa dzanja labwino.

Lachiwiri

Wa dzanja labwino ndi amuna anga, akutero eni ake. Ndikuwayalira bwinobwino: alifasi, letesi uja, ndimamutsuka m'madzi othira timadontho ta javelo, mankhwala oyeretsera zovala aja, kuti tizilombo tife, n'kutsukuluza, kenaka ndimu ndi mchere. Ayamba ndi zilembo zazikulu ngati mutu wa mwana. Thabwa latha. "Timadontho" palibe, "kutsukuluza" palibe. Chatsala n'chakuti SALADA YA JAVELO, penti yofiira.

"Anthu amvetsa, amayi a Rosita," akutero, akusamba m'manja.

Lachitatu

Amvetsadi. Oyendetsa magalimoto odikira mapepala pamalire akudya nkhuku, akudya mbatatesi, salada akukankhira m'mbali mwa mbale ndi chala chimodzi. Wina wa ku Beira akuti, "Mayi, javelo ine ndimachapira malaya." A Zakariya, amene akhala akudya pano kuyambira pamene malasha anayamba kudutsa mumsewu uno, agwira pamimba, akundiyang'ana ngati ndawalodza. Kenaka akuti, "N'chifukwa chake mano anga akuyera."

Sindikukwiya. Mawa thabwa lachiwiri, ndilemba ndekha.

Lachinayi

Thabwa lachiwiri lakhomedwa, mawu onse alipo. Purofesora, mphunzitsi wa pasukulu yathu, wawerenga mpaka pansi n'kufunsa, "Nanga kudimba amathira chiyani?" Sindikudziwa! Ndakwera njinga yamoto kupita kumtunda kwa alamu anga a Fulujensio, amene amandilimira alifasi. Ulimi wa dimba anauphunzira ali kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo amaunyadira. Andiwerengera:

manyowa a nkhuku
phulusa
madzi onyikamo fodya
sopo pang'ono, nsabwe za masamba zikavuta

Pondiperekeza akuti, "Koma mlamu, izi musalembe." Ndangoyankha za mvula.

Lachisanu

Ndalemba. Matabwa atatu tsopano, atseka ndi zenera lomwe. Anthu akuima pakhomo ngati pa maliro, akuwerenga mokweza, akujambula ndi foni, akupita. Mayi wina wamukoka mwana wake dzanja kuti asayandikire.

Ku baraka ya Dona Selesite pafupi pano kulibe chikwangwani, salada yatha dzuwa lisanafike pamutu. Alifasi amagula kwa alamu anga omwewo. Javelo anabwereka kwa ine, botolo sanabweze!

Madzulo wabwera uthenga wochokera kumtunda kwa alamu anga: akuti dzina lawo lanunkha msika wonse chifukwa cha ine. Dzina lawo sindinalembe. Ndinangolemba kuti "alamu anga."

Loweruka

Fisikali wabweranso. Waima nthawi yaitali pamaso pa matabwa, manja kumbuyo. Akuti lamulo limangofuna zothira m'khichini, za kudimba palibe anandifunsa. Komabe wasangalala kwambiri. Wajambula, akuti akaonetsa akuluakulu ake kuti mabaraka onse atengere chitsanzo. "Musachotse ngakhale limodzi, mayi."

Wakhala pansi, waitanitsa nkhuku ndi mbatatesi. Mtima wanga myaa. Ndikutenga mbale, ndikusankha masamba anthete okhaokha.

"Salada musaike," akutero.

Lamulungu

Ku Misa alamu anga apereka moni wa mtendere kwa anthu onse a pabenchi, pofika pa ine n'kuyamba kutsokomola. Ndidzapita kukapepesa, koma osati sabata ino.

Kunyumba kuli beseni lodzaza alifasi, wayamba kugona. Matabwa sindingachotse, ndi chitsanzo cha boma. Rosita akuti m'mimba simuli bwino. Amuna anga akuti akhuta, koma ndawaona akutuluka kwa Dona Selesite akupukuta pakamwa.

Ndatsuka masamba monga mwa masiku onse, ndathira ndimu ndi mchere. Ndakhala pansi pa chikwangwani changa, mthunzi wake ndi wabwino ndithu. Ndadya mbale yonse ndekha, anthu odutsa akuyang'ana kuti aone ngati ndigwe.

Sindinagwe. Mawa ndiphika chisoso.