Tsiku limene kamotoka kanga kanabereka

Anzanga, musaseke ndisanamalize. Kapena sekani basi, pakuti mudzi wathu wonse wa Chinyunyu unaseka kale.

Kampani imene ndinkagwirako ntchito ku Lusaka itagulitsidwa, anatitaya ngati nkhuku za chitopa. Unyamata wanga wonse kusenza matumba, zikomo wake kaenvulopu ka tindalama! Anzanga a kuntchito anagula malata. Ine ndinagula kamotoka kofiira ka dizilo, kakale ndithu, kafupi ngati kanadulidwa mchira, koma kothamanga ngati kalumidwa ndi mavu. Chitseko chake chakumbuyo chimatsekukira m'mwamba ngati mvuu ikuyasamula. Ndinkafuna onse amene ankanditcha mbuli ameze fumbi langa.

Woyamba mwa iwo anali mlamu wanga ba Zulu, mlongo wa malemu mkazi wanga, munthu amene sanandimwetulirepo chikwatirireni. Atakaona anati, "Alamu, mukanagula ng'ombe. Ng'ombe imabereka. Nanga aka kadzabereka chiyani?"

Ndiye kunabwera ukwati wa Tisauke, mwana wanga wotsiriza, yekhayo amene amandisamala. Enawo ali m'tauni, amandikumbukira pa maliro pokha. Ndinamulonjeza kuti adzafika ku tchalitchi pa motoka ngati mwana wa nduna.

M'mawa wa tsikulo, nditavala kale suti, ndinaona kuti kamotoka kachita fumbi. Ndinati, Mulungu anatipatsa madzi otentha aulere pa kasupe, nkhuni ndiwonongerenji? Ndinakayendetsa mpaka pa udzu wobiriwira, pafupi penipeni ndi madzi. Aliyense wa kuno amadziwa kuti udzu ukabiriwira mu Okutobala, pansi pake pali matope. Ine wa ku Lusaka ndinaiwala!

Ndinakatsuka, kanawala, ndinadziona nkhope pa chitseko. Ndiye ndalowa, ndaliza injini, ndati ndibwerere m'mbuyo, matayala akungozungulira pamodzimodzi. Munthu wanzeru akanaima, eti? Ine ndinaponda moto. Kamotoka kanabangula, kanadzikumbira manda, utsi wakuda bii unakuta azimayi amene ankachapa chapafupi pamodzi ndi zovala zawo.

"Ba Tembo, zikomo potichapira!" anakuwa mayi wina. "Mubwerenso mudzatisitire!"

Ndinagwada, ndinafukula matope ndi manja, suti ili m'thupi. Ndinapondanso, ndinapondanso, mpaka dizilo yatha. Ndipo motoka ya dizilo ikauma imameza mpweya, siilira ngakhale mudzi wonse ukankhe.

Belu la tchalitchi linayamba kulira. Mwana wanga ali pakhomo mu velo, maso ku msewu. Nanga ng'ombe zamphamvu kuno ali nazo ndani? Ndinapita ndekha kwa ba Zulu. Anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku tayi, anamanga ng'ombe pa goli osanena kanthu. Bola akananditukwana!

Titafika pa kasupe anati, "Tcheni timange pansi, pa chitsulo."

"Motoka ndi yanga," ndinatero ine, n'kumanga pa bampala.

Ng'ombe zinakoka. Bampala inapita, kamotoka kanatsala. Ba Zulu anaitola, anaifukata ngati khanda, n'kutembenukira kwa azimayi aja.

"Imbani nthungululu, kabereka! Alamu, ndi mwamuna kapena mkazi?"

Ndipo anaimbadi, anthu opanda chisoni.

Tinamanga pansi, kanatuluka, koma kulira ayi. Ng'ombe zomwezo zinatikokera kunyumba, Tisauke analowa, ulendo wa ku tchalitchi. Ba Zulu patsogolo ndi chikwapu, ine pa chiwongolero matope mpaka m'makutu, nkhuku zikutipitirira. Sindinathe kumuyang'ana mwana wanga. Kenako ndinamva dzanja paphewa.

"Atate, munalonjeza motoka, ndipo ndili mu motoka. Ya nduna imathamanga, mkwatibwi saoneka. Ine taonani, mudzi wonse ukundiona."

Anatulutsa dzanja pawindo n'kumabayibitsa anthu. Misozi imene inatuluka ndinati ndi utsi.

Kamotoka kadakalipo, bampala ndinaimanga ndi waya. Ba Zulu masiku ano amakwera kutsogolo tikamapita ku msika ku Rufunsa, amakuwa kuti ndichepetse liwiro, ndipo andilonjeza mwana wa ng'ombe, akuti wakhanda wanga apeze mnzake. Koma ku kasupe ndi motoka, ine? Ndalumbira. Ndimatsukira pakhomo ndi ndowa, pamene nthaka ndi youma gwa ngati mitima ya amene anandichotsa ntchito.