Bokosi la zida limene linaliritsa komboni yonse

Kuuma manja sindikana, ndinabadwa nako, koma tsiku limene ndinapita kukagula bokosi la zida kunandivula pagulu.

Apongozi anga, a Nkhoma, anali kalipentala pa purazi ina, famu ya fodya, ku Trelawney kuyambira ali mnyamata. Zida zawo, masowo awiri, puleni, hamala ndi zina zing'onozing'ono, amazipaka mafuta ngati khanda. Maso atayamba kuwavuta anandiitana.

"Mukwasha, mkamwini wanga, zida izi ndikupatsani, koma osati kukaziponya m'thumba la feteleza zichite dzimbiri. Mupeze bokosi lotseka bwino. Mwezi uno ukatha mulibe, ndipereka kwa Jemusi."

Jemusi ndi mlamu wanga, munthu woti zida zimenezo angazigulitse dzuwa lisanalowe. Pamenepo ine ndinali nditakonza kale kashedi kuseri kwa nyumba, ndauza komboni yonse kuti zitseko ndi mipando muzibwera nazo kwa ine. Zidazo ndinkazifuna ndi mtima wonse.

Tsiku limene apongozi amapita kuchipatala ku Chinhoyi kukayezetsa magazi, ndinawaperekeza. Mzere unali wautali, ndiye anati, "Pitani mukaone za bokosi, ine ndibwera pa kombi, minibasi zija." Ndinalowa m'masitolo ndi madola khumi ndi asanu m'thumba, mutu uli m'mwamba. Bokosi lachitsulo lofiira, la madirowa, nditamva mtengo wake ndinatsokomola. Lapulasitiki linali lotchipa, koma sowo wa apongozi akanatulukira mchira kunja. Thiranki yakale ndinaipeza pamsika, pansi pake pali zibowo zoti khoswe amalowa osawerama.

Ndiye kuseri kwa msika ndinapeza kalipentala wina, pakona ataimika bokosi lalitali lapaini, chivundikiro chilipo, lopanda zogwirira. Musandifunse ngati ndinalizindikira. Ndinalizindikira bwinobwino, linali bokosi la maliro! Amene analiitanitsa anasintha maganizo, anakagula lonyezimira kwina.

"Madola khumi, mudhara, madala anga, chotsani lindipatse malo," anatero kalipentalayo.

Mutu wanga wa umbombo unayamba kuwerenga. Thabwa ndi thabwa, si choncho? Ndikalidula pakati ndipeza mabokosi awiri, lina la zida, lina ndigulitse. Ndani angadziwe? Ndinalipira, ndipo poopa maso a anthu ndinalifunditsa chitenje chimene mayi a Tendai, akazi anga, anandituma kuti ndiwagulire. Mwaona nzeru zake? Bokosi la maliro lofunda chitenje chatsopano, ati kuti anthu asazindikire.

Kombi iliyonse inandikana. Kenako inaima lole yopita kwathu, kutsogolo kutakhala Mai Banda a m'komboni mwathu, amene anationa m'mawa tikunyamuka ndi apongozi. Dalaivala anatsika, anayang'ana bokosi, anayang'ana ine, n'kuvula kapusi.

"Nematambudziko, baba," anatero, kundipepesa. "Mari musatulutse, kwerani."

Apa ndiye ndinachimwa, anzanga. Pakamwa panali patatseguka kale kuti ndifotokoze, koma mawu akuti ndalama musatulutse anandilowa m'khutu mokoma. Ndinatseka pakamwa, ndinaweramitsa mutu, n'kukwera kumbuyo ndi katundu wanga. Madola awiri okha olipira ulendowo ndi amene ndinagulitsira ulemu wanga.

Lole inayenda pang'onopang'ono, magetsi oyaka masana, ngolo za ng'ombe zikutipatukira, ine n'kumati dalaivala uyu ndi waulemu bwanji. Zoti foni ya Mai Banda ingatsogoze uthenga wa maliro kukomboni sindinaganizeko n'komwe. Yanga inali itazima, ndipo apongozi yawo amaisiya kunyumba kuti isathe moto.

Tisanakhote pa mabhani, nyumba zowumitsira fodya, ndinamva nyimbo. Ndinati kodi wamwalira ndani? Tikulowa m'komboni, pakhomo pa apongozi padzaza anthu, mipando yatulutsidwa panja, amayi a mvano avala kale zoyera, nkhuni zikutsitsidwa. Mayi a Tendai akugubuduka pansi, "Bambo anga ine! Baba vangu!" Ndinadumpha pa lole.

"Imani kaye! Si zimenezo!" ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'nyimbo. Mkulu wa mpingo anandikumbatira, nkhope yanga yonse m'jekete mwake. "Limbani mtima, mwana wanga, musalankhule kanthu." Amuna anayi a sosaiti ya maliro ananyamula bokosi mwaulemu, mmodzi n'kupukusa mutu: "Maiwe, kupepuka chonchi! Matenda anawadya madala." Jemusi ndiye amalira kuposa onse, diso limodzi lili kuchipinda kumene kumakhala zida.

Nyimbo inaduka yokha, kuyambira kumbuyo. Anthu anapatuka, ena kuthawa osatola nsapato. Pakati pawo pakubwera apongozi, ndodo kudzanja lamanja, buledi m'khwapa. Kombi yawo inali itatsala pang'ono kutipeza chifukwa cha kuyenda kwathu kwa maliro kuja.

"Kodi maliro ndi a ndani?" anafunsa.

Mai Banda analoza ine. Komboni yonse inatembenukira kwa ine. Ndinagwada pafumbi n'kufotokoza zonse, za madola khumi, za kudula pakati, ngakhale za madola awiri a lole, dalaivala ali pomwepo wavalanso kapusi yake. Manyazi amene ndinamva, ndikanakonda kulowa m'bokosimo ndekha anditseke.

Apongozi sanakalipe. Anapatsa mayi a Tendai buledi kuti agwire, anachotsa chitenje, anagogoda thabwa, anapapasa m'makona mmene matabwa akumanirana. Kenako anayeza utali wake ndi ndodo, n'kudziyeza okha.

"Amene anakhoma ili amadziwa ntchito," anatero. "Mukwasha, ili simudula. Ili ndi langa. Zida tengani, muzisunga momwemu mpaka tsiku limene ndidzalifune. Tsiku limenelo mudzaone kolowera."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, nkhuku imene inali itaphedwa kale tinadya, ndipo mayi a Tendai anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi msana. Chitenje chija anakana kuvala.

Lero ukalipentala ukuyenda, koma makasitomala amaimira pakhomo pa shedi, ena amavula chipewa. Lamulungu lililonse apongozi amabwera kudzaona ngati sindinakande nyumba yawo. Zida zanga ndi maloja, zongochita lendi m'nyumba ya eni, ndipo m'komboni monse palibe amene amapempherera moyo wa a Nkhoma kuposa ine, ngakhale ana awo enieni. Mankhwala awo ndimakawatengera ndekha ku Chinhoyi.

Ndipo ndinalumbira: munthu akadzandivuliranso kapusi pamsewu, ndidzalipira kaye, kenako ndidzafotokoza mokweza kuti wa kutsogolo amve.