Dengu la Masika ndi Timiyala ta M'khutu

Lolemba

Andisankha! Lamulungu kutchalitchi ndi zopereka za masika, ndipo dengu loyamba la mpunga ndisenza ine, patsogolo pa amayi onse, kuvina mpaka kuguwa. Zaka zonsezi amasenza ndi mayi Makwinja, ngati mutu ali nawo okha. Zofunika: dengu latsopano, nkhata, chitenje chija ndinabisa, kumangitsa tsitsi kwa Abiti Saidi. Chimwemwe chadzaza tsaya!

Lachiwiri

Kwacha. Ndikutembenukira kumanja pabedi, denga lonse fwiii! Malata, mitanda, neti, zonse zikuthamanga. Ndagwira mwendo wa bambo a Chisomo kuti ndisagwe, chonsecho ndagona. Kanthawi pang'ono, zaleka. Sindiuza munthu.

Madzulo: mudzi wonse ukudziwa. Bambowa pakamwa sipatsekeka.

Lachitatu

Madokotala a m'mudzi abwera. Achemwali: "Magazi achepa, mwani madzi a masamba a mapeyala." Alamu: "Ndi BP imeneyo." Bambo a Chisomo, monong'ona: "Si mimba?" Ine, wa zidzukulu zinayi!

Mayi Makwinja nawo abwera ndi nthochi. "Pepani, mupume. Za dengu musade nkhawa, ife tilipo." Nthochizo ndapatsa mbuzi.

Ndayesa kusenza beseni kuseri. Poweramira nkhata, dziko latembenuka, ndapezeka ndili m'khola la abakha. Ndikuchita mantha tsopano.

Lachinayi

Minibasi pa Kachulu, ulendo wa ku Zomba, pakati pa madengu a matemba. Kuchipatala ndapeza adokotala ake ali kamtsikana chabe, koma odziwa zinthu. Andigoneka chagada mwadzidzidzi, mutu lende, chizungulire chija n'kubwera. Iwo akungondiyang'ana m'maso. "Amayi, maso anu akuvina okha. Ndi khutu lamanja." Akuti m'kati mwa khutu muli timiyala tochepa kuposa mchenga, tasochera njira. Si magazi, si mimba, si mayi Makwinja. Chomalizachi ndafunsa ndekha.

Anditembenuza mutu uku, kudikira, uku, kudikira, kenako kundidzutsa. Zatha! Popanda jakisoni, popanda piritsi! Lamulo lawo: masiku angapo ndisagoneke mutu cham'mbali nthawi yaitali, ndisawerame, pogona mapilo awiri.

Lachisanu

Ndachira! Dengu lodzaza mpunga wa ku Likangala lili pamutu, manja m'chiuno. Ndadutsa nalo kawiri pakhomo pa mayi Makwinja, ngakhale si njira ya kulikonse. Iwo akusesa posesa kale.

Chatsala ndi tsitsi basi.

Loweruka

Kwa Abiti Saidi, pansi pa mango. "Gonekani mutu pamwendo panga, mayi, tiyambe mbali yamanja." Mawu a adokotala ndawakumbukira bwinobwino. Koma munthu wotsogolera mpingo wonse angapite ndi mutu ngati chisa cha mpheta? Ndagoneka. Maola atatu, uku akukoka, uku miseche ikukoma.

Podzuka, mtengo wa mango ukuzungulira pamodzi ndi Abiti Saidi. Mayo ine!

Kunyumba ndawafotokozera bambo a Chisomo mmene anachitira adokotala. Andigubuduza pamkeka ngati thumba la mpunga, kumanzere, kumanja, kumanzere kachiwiri. "Tabwerera timiyalato?" Chabwerera ndi phala la m'mawa.

Lamulungu

Ndakhala pabenchi lakumbuyo, khosi njo, sindicheuka. Ng'oma zikulira, amayi akulowa. Patsogolo mayi Makwinja, dengu langa, mpunga wanga, ndi nkhata yomwe ndi yanga. Kunena zoona akuvina bwino, n'chimene chikundiwawa kwambiri. Podutsa pabenchi langa apotoloza khosi kawiri konse, dengu osagwedezeka.

Mawa ndibwerera ku Zomba kukavomera tchimo langa kwa kamtsikana kaja.

Tsitsi lokha lamangidwa bwino kwabasi. Palibe waliona. Kutchalitchi kwathu amayi timavala duku.