Nanenso Ndimatha Kuthokoza

Lolemba
A hedi ayamikiranso Esinati, mphunzitsi wabwera chaka chino uja kuchokera ku Zomba. Akuti, "Malipoti ake amamveka bwino. Wolemba bwino ndi amene apite kumaphunziro ku Blantyre." Iye n'kumamwetulira, eti anaphunzira polemba timakalata tothokoza anthu: "Ukazolowera kutchula chenicheni chimene munthu wakuchitira, dzanja limawongoka." Zaka zonse ndakhala pa Lisungwi panozi, ku Blantyre apite iyeyo? Nanenso ndayamba. Kalata imodzi tsiku lililonse!

Lachiwiri
Oyenera kuthokozedwa:
- a Yusufu a pagolosale
- Ganizani wa kabaza
- apongozi (mwina)
- Esinati (ayi!)

A Yusufu ndawalembera masamba awiri, mawu akuluakulu okhaokha. Atawerenga akundifunsa, "Aphunzitsi, kodi mukusamuka?" Pakhoma pawo amatapo kakalata ka Esinati, kothokoza kuti anamupatsa mpando mvula ikugwa. Mizere itatu basi!

Lachitatu
Ya Ganizani ndafupikitsa: "Mumandinyamula mosamala, mtima wanga umakhala m'malo." Madzulo akazi ake ali pakhomo panga, kalata m'manja, chitenje amanga m'chiuno. Kuyambira mawa ndiziyenda wapansi.

Lachinayi
Apongozi ndawathokoza pa meseji chifukwa cha mbatatesi anatumiza kuchokera ku Dambe. Ayimbira amuna anga: "Ndiye kuti yachepa eti? Anene poyera." Mapazi atupa. Esinati wandidutsa ali pakabaza ya Ganizani, akundibayibitsa. Ngakhale fumbi silimugwira mtsikana ameneyu!

Lachisanu
Ndapereka lipoti la mayeso. Chizolowezi chandilowa, ndathokozamo makolo, choko, ngakhale belu. A hedi: "Mayi, ili ndi lipoti kapena pemphero?" La Esinati aliwerenga mokweza. Anthu m'manja phuphuphu. Ine ndikufunafuna cholembera pansi pa tebulo.

Loweruka
Kakalata pansi pa chitseko. Ka Esinati! "Zikomo pondiphunzitsira ana tsiku lija ndinadwala malungo. Mpaka lero akuimbabe nyimbo yanu ya masamu." Ndakawerenga mobwerezabwereza kufuna cholakwika. Palibe. Misozi yalengeza. Zokwiyitsa bwanji!

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi a hedi andikokera pambali. Akuti amene apite ku Blantyre ndi Esinati. Ine ndimusungire kalasi yake sabata yonse. Ndavomera, nanga n'kutani. Ndiye kuti akabwerako andilemberanso kena, kokoma kuposa kadzulo. Ambuye, ndipatseni mphamvu.