Nthutumba ya Bambo a Tamanda

Lolemba

Wekishopu ya ku Limbe yatha. Aphunzitsi akuti khalidwe lililonse limasinthika: labwino ulipatse mphotho pompo, loipa ulinyalanyaze, lifa lokha. Mphothoyo akuitcha riinifosimenti, dzina lalitali ngati ulendo wa ku Nsanje.

Anzanga akayesera pa ana a sukulu. Ine ndili naye kale wanga: Bambo a Tamanda. Akaweruka, molunjika ku bawo kuseri kwa msika. Tamanda mayeso a Sitandade 8 ayandikira, masamu akumuzunguza mutu, ndipo wodziwa masamu muno ndi bambo akewo. Ine mafulakishoni ndinasiyana nawo mwamtendere.

Pulani:
- kufika dzuwa lisanalowe: nyenyezi pa tchati
- kukhala ndi mwana pa masamu: nthutumba
- kuchedwa: zii, osawalankhula

Lachiwiri

Tchati ndamata kuseri kwa chitseko. Afika msanga, mvula yabalalitsa bawo. Ndathamangira: "Mwachita bwino kwambiri, bambo!" Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaswa chiyani?"

Zaka khumi ndi zisanu m'banja, kuyamika kamodzi kokha kwasanduka mlandu! Ndamata nyenyezi. Kunena zoona ndi ya mvula.

Lachitatu

Achedwa. Ndikunyalanyaza monga mwa notsi. Pakamwa ndatseka kuti ndii. Iwo akudya mosangalala, mpaka kuimba kanyimbo. "Lero muno muli mtendere," akutero.

Ndiye kuti kukhala chete kwanga ndi mphotho? Ndapsa mtima koopsa, koma notsi zikuletsa kuonetsa.

Lachinayi

Nkhuku ya lokolo. Achedwanso. Nthutumba ndapatsa Tamanda, amene walimbana ndi masamu yekha madzulo onse. Iwo avundukula mbale, afufuza ndi supuni, afufuzanso.

"Nkhuku imeneyi inabadwa yopanda nthutumba?"

Ine zii. Asamba m'manja osadya. Yalowa!

Lachisanu

Notsi zikuti khalidwe likamafa limayamba lakula kaye, osagonja. Lakuladi. Ku bawo sanapite, apita ku Mpingwe kwa amalume awo, ankhoswe athu. Masana foni ya azakhali anga: "Mwanawe, usandibisire. Nthutumba ya mwini nyumba ukupatsa ndani? Wapezako wina kuwekishopuko?"

Wina! Ku wekishopu ndinapezako masamusa awiri ndi satifiketi basi.

Loweruka

Alamu anga abwera "kudzationa". Molunjika kuseri kwa chitseko, ngati wina anawalozera. "Munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, kumumatira nyenyezi ngati mwana wa sukulu ya mkaka? Imodzinso?" Ajambula, atumiza ku gulu la banja la pa foni. Nkolokosa yense wadziwa, mpaka ku Chikwawa.

Tamanda wabwera kuchokera ku pati taimu, pepala la masamu lofiira lokhalokha. Walibisa pansi pa pilo kuti lisawonjezere mlandu. Apa ndiye ndalira.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi, ankhoswe a mbali zonse pabalaza. Ndafotokoza za riinifosimenti. Amalume awo aja andimvetsera mpaka kumapeto, kenako: "Chizungu chimenechi, apongozi, chimadyedwa?"

Chigamulo:
- ndiphe nkhuku yopepesera
- popeza alendo achuluka, ziwiri
- bambo azithandiza mwana "akapeza mpata"

Nthutumba zonse ziwiri bambo adya okha, akunditafunira m'maso. Panopa ali ku bawo, kukafuna mpatawo.

Aphunzitsi aja sananame, khalidwe lolandira mphotho limakula. Bambo aphunzira kuti kukandinenera kwa amalume kumabala nkhuku ziwiri. Ndawaphunzitsa ndekha, ndi satifiketi yanga.

Tchati ndaimatula, ndaitembenuza. Kuseri kwake tikulembapo mafulakishoni, ine ndi Tamanda. Akuti akamandifotokozera ndi pamene iye akumva bwino. Ndikakhoza akundimatira nyenyezi pachipumi.

Ndili nazo ziwiri. Ndawaposa bambo ake.