Maliro a Kanyama ka a Zalimba

Kuseri kwa phiri lina, kumene mphekesera imafika msanga kuposa minibasi, kunali mudzi wodziwa kulemekeza maliro kuposa odwala.

Telala wa m'mudzimo, a Zalimba, anaonda ndi m'mimba mpaka thalauza lodzisokera okha linayamba kuwavuka. Kuchipatala anawamezetsa kapaipi ka kamera, nabudula kanyama ka m'chifu kochepa ngati njere ya mawere. Anati akakaunika ku labu ndi makina oonera tinthu tating'ono, kuti adziwe ngati ndi chilonda wamba kapena khansa.

Nkhaniyi inawapeza a Mkwezalamba, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Maliro ndi Zogwa Mwadzidzidzi.

"Mwasiya m'bale wathu m'botolo?" a Mkwezalamba anamufunsa Nasibeko, mkazi wa telalayo. "Yekhayekha, kwa alendo?"

"Ndi kanyama chabe, bambo."

"Mayi, nyama ndi ya mbuzi. Uyo ndi Zalimba wamng'ono."

Komiti inavala majekete, inapita kukakhala pakhomo la labu n'kumaimba nyimbo za maliro mpaka madokotala anatopa nawabwezera botolo lija lisanaunikidwe. Kanyamako kanabwera kumudzi m'bokosi la machesi lokutidwa nsalu yoyera, amuna akusinthana mapewa. Mbuzi ya a Zalimba inaphedwa. Mwambo wa maliro unayenda bwino zedi, ndipo mwini malirowo anapatsidwa mpando wakutsogolo, akubuula atagwira pamimba.

"Womwalirayu anali wofatsa," analalikira a Mkwezalamba. "Sanayambanepo ndi munthu."

Koma m'mimba simunamve ulaliki. Achipatala anati pafunika kanyama kena, ndipo komiti inavomereza ndi manja awiri: pang'onopang'ono ndi mtolo, munthu wamkulu ngati ameneyu saikidwa tsiku limodzi. Maso onse anali kukhola la nkhumba la a Zalimba.

Ulendo uno Nasibeko ananamiza komitiyo. Anabwera ndi kachidutswa ka nthutumba ya nkhuku m'botolo, kanyama kenikeni katatsala ku labu. Komiti inaika nkhukuyo m'manda mwaulemu wonse, n'kudya nkhumba.

Zotsatira zitatuluka, dokotala anati si khansa, ndi chilonda cha tizilombo tomva mapiritsi. A Zalimba anamwa, ananenepa, nabwerera pamakina awo.

Madzulo ake komiti inafika pakhonde, zipewa zili m'manja, nkhope zakugwa.

"Tamva zoti mwachira," anatero a Mkwezalamba. "Pepani kwambiri. Zigwera aliyense."